Nanga Wophunzitsa Anamwino Akumlera Ndani?

Kuno ku Lichinga chisanu cha mwezi wa Juni chatikumbutsanso kuti mzinda wathu unamangidwa pamwamba pa mapiri. Mwezi uno ndafuna kuti tikambirane za anthu amene sitiwatchula kawirikawiri. Anamwino timawadziwa, pakuti tonse tinagonapo m'chipatala kapena kudikirirapo wodwala. Koma kumbuyo kwa namwino aliyense kuli munthu amene anamgwira dzanja tsiku limene anabaya jakisoni wake woyamba. Ndikunena za aphunzitsi a m'sukulu za unamwino, makamaka achinyamata amene angoyamba kumene ntchitoyi.

Chandiyambitsa nkhaniyi ndi mlendo amene tinamlandira kunyumba kwathu masabata apitawa. Ndi mwana wa mumpingo mwathu, anakulira m'kwaya ya achinyamata, ndipo tsopano amaphunzitsa pa sukulu ina ya anamwino m'chigawo china cha dziko lino. Dzina lake ndi la sukuluyo sinditchula, koma wandilola kuti nkhani yake ndikufotokozereni. Zaka zake sizinakwane 30. Anakhoza bwino kwambiri maphunziro ake, nagwira ntchito zaka 3 m'chipinda chochiriramo amayi, kenaka anaitanidwa kuti akaphunzitse. Pasanathe chaka, amene anali kutsogolera gawo la uzamba anapeza ntchito ya malipiro abwino ku bungwe lina, napita. Lolemba lotsatira mtsikana wathuyu anapatsidwa makiyi a ofesi ndi mulu wa mapepala, nauzidwa kuti tsopano mkulu wa gawolo ndi iyeyo. Malangizo onse anathera pomwepo.

Atatha kumwa tiyi amene mayi busa anakonza, anayang'ana pansi nati, "Abusa, ine ndikufuna kusiya. Bola ndibwerere kuchipatala kumene ndimadziwa chochita."

Ndinati, "Chavuta n'chiyani, mwanangu?"

Nkhani yake inali yotere. Wophunzira akapita kukazolowera ntchito m'chipatala, nthawi imene kuno timaitcha estágio, amayenda ndi kabuku kolembamo ntchito zimene wagwira ndi manja ake: amayi amene wawathandiza kuchira, oyembekezera amene wawayeza, makanda amene wawasamalira atangobadwa. Mphunzitsi ndiye amasayina kutsimikiza kuti zolembedwazo zinachitikadi. Tsono wophunzira wina anajomba ntchito zambiri za usiku, ndipo kabuku kake sikanadzaze. Amene anabwera kudzamlankhulira anali namwino wamkulu wa m'chipatala chomwecho, mayi wa zaka zoposa 50, azakhali ake a wophunzirayo. Mayi yemweyo ndiye anaphunzitsa mlendo wathuyu kumanga ndi kudula mchombo pamene iyenso anali wophunzira.

"Anandiuza kuti, 'Mwanawe, ingosayina, zotsalazo akaphunzirira pantchito monga tinachitira ife.' Ndinakana, abusa. Koma ndinakana moipa, mokweza mawu, ophunzira ndi odwala akumva. Chiyambire tsiku limenelo anamwino a m'chipinda chija salankhula nane, ndipo ophunzira anga onse amangowasiya ataimirira m'khonde. Palibe amene akuwaitana kuti adzagwire ntchito."

Ndinena maganizo anga poyera. Pokana kusayina anachita bwino ndithu. Chimene analakwitsa ndi kakanidwe, ndipo chifukwa cha kakanidweko ophunzira onse a m'kalasi mwake, ngakhale akhama, atsekeredwa khomo. Koma ndani angamponye mwala? Sukulu inamphunzitsa kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kuwerengera mankhwala. Kukana pempho la munthu wamkulu amene anakulera, osamchotsa ulemu, ndi luso lina, ndipo palibe anamuonetsa.

Wina angafunse kuti kodi ife a mumpingo zikutikhudza bwanji. Tiganizire kumene wophunzira uja adzatumizidwe akamaliza. Niassa ndi chigawo chachikulu koposa zonse m'Mozambique, malo okwana makilomita pafupifupi 129,000 m'litali ndi m'lifupi mochulukitsa, koma kalembera wa 2017 anapeza kuti tilimo anthu pafupifupi 1.8 miliyoni okha. Midzi ndi yotalikirana. Ku Mecula, ku Mavago, ku Nipepe kapena kumtunda kwa Cóbuè, namwino wa pa chipatala chaching'ono nthawi zambiri ndiye dokotala, ndiye mzamba, ndiye wopereka mankhwala, ndiyenso wolemba malipoti. Mayi akayamba kutaya magazi pakati pa usiku mwezi wa Febuluwale, mitsinje itadzaza, palibe wachiwiri woti n'kumfunsa. Chimene manja a namwinoyo anaphunzira pa estágio ndicho chokhacho chimene mayiyo ali nacho. Mayi ameneyo akhoza kukhala mlongo wanu, kapena mwana wanu amene anakwatiwa kumeneko. Tinazionanso pamene kolera inabuka m'boma la Lago mu Seputembala 2022 n'kudzafika pano pa Lichinga: amene anachezera usiku m'matenti, kufunafuna mtsempha pa mkono wa munthu wotheratu madzi, ambiri anali anamwino achinyamata. Saini ya mphunzitsi m'kabuku kaja ndi lonjezo kwa anthu a kumidzi amene mphunzitsiyo sadzawaona nkhope.

Tsono zinakhala bwanji kuti udindo waukulu chotere ukugwera anthu aang'ono chotere? Mbiri ya dziko lathu ikuyankha. Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, madokotala ambiri achipwitikizi anachoka, ndipo m'dziko lonse munatsala madokotala osakwana 100. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga zipatala zonse, kuphatikizapo za mishoni monga cha ku Messumba m'mbali mwa nyanja. Panafunika kuphunzitsa anthu mwamsangamsanga, maphunziro afupiafupi, kuti mudzi usakhale wopanda wobaya jakisoni. Nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inagwetsa zipatala zambiri za kumidzi, ndipo anamwino a nthawi imeneyo anaphunzira zambiri mwa kungogwira ntchito, nyali ya parafini ili m'manja. Mayi uja ponena kuti "monga tinachitira ife" sanali kunama. Dziko lathu linafika pophunzitsa anthu amene si madokotala kuchita opaleshoni, kuyambira mu 1984, ndipo maiko ena anabwera kudzaphunzira kwa ife.

Maphunziro apamwamba a unamwino anabwera mochedwa. Sukulu ya ISCISA ku Maputo inakhazikitsidwa mu 2003. Yunivesite ya Lúrio inakhazikitsidwa mu 2006, ndipo gawo lake la zaumoyo lili ku Nampula. Ife a ku Niassa tinalandira gawo la zaulimi ku Unango. Bungwe loyang'anira ntchito ya unamwino, Ordem dos Enfermeiros de Moçambique, linakhazikitsidwa mwalamulo mu 2016. Mukawerenga zaka zimenezi muona pamene pagona vuto. Anamwino a madigiri m'dziko muno ndi mbadwo woyamba kapena wachiwiri. Amene ali ndi mapepala ndi ana, amene ali ndi manja ozolowera ndi akuluakulu amene mapepala awo ndi ochepa. Sukulu ikafuna mphunzitsi imayang'ana mapepala. Motero mwana amaikidwa pamwamba pa amene anamlera, ndipo pamwamba pa mwanayo palibe wina amene anayendapo njira imeneyi kuti amuuze pamene pali dzenje.

Kuti namwino angathe kutsogolera, m'dziko muno si nkhani yokanganirana. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Samora Machel, anayamba kuphunzira unamwino mu 1954 pa chipatala cha Miguel Bombarda ku Lourenço Marques, ndipo m'zipinda za odwala ndimo anaona ndi maso ake kuti namwino wakuda amalandira zochepa kuposa mzungu pa ntchito imodzimodzi. Kutsidya kwa nyanja, Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba, anatsogolera Kamuzu College of Nursing kuyambira mu 2008, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo, mayi woyamba kulandira udindo wotero pa yunivesite ya boma m'Malawi. Komabe tisaiwale kuti sukulu imene iye anaitsogolera inatsegulidwa kale mu 1979. Pofika 2008 inali italera mibadwo ya aphunzitsi, wina akuonera kwa mnzake, kufikira mu 2021 pamene inaphatikizidwa ndi sukulu ya madokotala kupanga yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Mtengo umene umapereka mthunzi lero unabzalidwa kale. Ife wathu ukadali mmera.

Unamwino, uphunzitsi ndi utsogoleri ndi ntchito zitatu zosiyana, ngakhale timazisenzetsa munthu mmodzi. Ndinamfunsa mlendo wathu kuti andiuze zimene amachita pa sabata monga mkulu wa gawo. Amagawa maphunziro kwa aphunzitsi anzake, ena a iwo aakulu kuposa iye, ndipo aliyense amafuna maola a m'mawa. Amakonza ndondomeko yotumizira ophunzira m'zipatala, kumene kumafunika galimoto, mafuta, malo ogona ndi chakudya, pamene ndalama zimene zilipo sizikwanira theka. Amayendetsa msonkhano wa aphunzitsi. Amalemba malipoti opita ku ofesi ya zaumoyo ya m'chigawo. Amaweruza wophunzira wogwidwa akubera mayeso, natonthoza wina amene watenga pathupi ndipo akuopa kuchotsedwa. Pa msonkhano umene pali madokotala ndi akuluakulu a chipatala amayenera kuimirira, kunena kuti ophunzira ake si antchito okolopa, abwera kudzaphunzira. Pamwamba pa zonsezi akuuzidwa kuti ngati akufuna kukwera ayenera kuchita kafukufuku ndi kulemba. Mwa zonsezi, chimene anachiphunzira m'kalasi ndi chiti? Iye mwini anaseka mowawidwa nati palibe.

Apa ndinamumvetsa bwino, pakuti inenso nditatuluka kusukulu ya ubusa ndinkadziwa kukonza ulaliki, koma tsiku loyamba kukhala pampando pa msonkhano wa akulu ampingo, amuna amene anandiona ndikuyenda chosavala, lilime linauma. Chinandipulumutsa n'chakuti mbusa wina wopuma anali kukhala pafupi, ndipo madzulo a Lachinayi ndinkapita kwawo ndi mafunso anga. Mlendo wathu alibe munthu wotero.

Abale athu a ku Malawi anadutsa m'vuto lofanana, ndipo pali chophunzirapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino awo ambiri anapita kukagwira ntchito ku Britain, zipatala n'kutsala zapululu. Mu 2004 boma ndi mabungwe othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo: malipiro a magulu 11 a antchito anawonjezedwa ndi 52 pa 100 iliyonse, ndipo sukulu za anamwino, kuphatikizapo za mipingo monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa, zinayamba kulandira ophunzira ochuluka. Koma kumanga kalasi n'kosavuta kuyerekeza ndi kupeza woimirira patsogolo pa kalasilo. Aphunzitsi anaperewera, kotero kuti ena anachita kubwera kuchokera kunja modzipereka. Pambuyo pake, cha m'ma 2011, panabwera ndondomeko ina yotchedwa NEPI, ya ndalama za ku America, imene ku Malawi, Zambia, Lesotho ndi maiko ena inaika mtima pa aphunzitsi enieniwo ndi pa anamwino a m'zipatala amene amayang'anira ophunzira. Anazindikira kuti mukachulukitsa ophunzira osalera aphunzitsi, mwachulukitsa makabuku ofuna saini, osati manja odziwa ntchito.

Dziko lonse lapansi likudziwa zimenezi. M'chaka cha 2020, pokumbukira zaka 200 chibadwire Florence Nightingale, amene anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1860, bungwe la zaumoyo la WHO linatulutsa lipoti lonena kuti padziko panali anamwino 27.9 miliyoni ndipo pankaperewera 5.9 miliyoni. Mwa zinthu zikuluzikulu zimene linapempha maboma panali kuwonjezera aphunzitsi a unamwino ndi kulimbikitsa utsogoleri wa anamwino. Chaka chomwecho panali pempho lakuti chipatala kapena bungwe lililonse lisankhe anamwino ndi azamba 20 a zaka zosapitirira 35, liwaphunzitse utsogoleri.

Zonsezi n'zabwino, koma mundilole ndinene chimene maso anga aona. Kuno kwathu mawu akuti "kuphunzitsa utsogoleri" asanduka dzina la msonkhano wa masiku atatu m'hotela, wokhala ndi chakudya chamasana, ndalama ya m'thumba ndi chikalata chopachika pakhoma. Sindikunyoza; munthu amatolako kanthu. Koma Lolemba akabwerera, mayi wamkulu uja ali pomwepo ndi kabuku m'manja, ndipo chikalata sichiyankha. Komanso mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, tinaona misonkhano yotere ikuzima ngati moto wa mapesi. Chimene chimadalira thumba la mlendo chimapita ndi mlendoyo.

Kulera mtsogoleri kumafuna nthawi ya munthu wamkulu kuposa ndalama. Mphunzitsi watsopano apatsidwe mlangizi wodziwika ndi dzina, osati kungomuuza kuti "ukavutika udzafunse," pakuti wachinyamata amene wangopatsidwa udindo amaopa kuti akafunsa aoneka wosadziwa. Akhale ndi tsiku lokhazikika lokumana naye, ndipo zimene akambirana zisakafike kwa amene amalemba za kukwezedwa kwake. Ngati pasukulupo palibe woyenera, mlangizi akhoza kukhala ku Nampula, ku Beira kapena ku Maputo. Masiku ano foni ndi WhatsApp zafupikitsa mtunda. Ndiponso udindo uziperekedwa pang'onopang'ono. Chaka choyamba akhale mlembi wa msonkhano, aone mmene wapampando amaziziritsira mkangano. Kenaka atsogolere gulu limodzi la ophunzira ku chipatala chimodzi, ndi ndalama zake zowerengeka, abwere adzafotokoze mmene zayendera. Akalakwitsa adzudzulidwe m'chipinda, osati pabwalo. Mwana sitimsenzetsa mtsuko waukulu tsiku loyamba kupita kumadzi.

Chinanso chimene ndikuchiona chofunika koposa ndi malo a anamwino akale. Sukulu zathu zimaphunzitsa m'Chipwitikizi, koma wodwala wa ku Niassa amabuula m'Chiyao, m'Chimakuwa kapena m'Chinyanja. Amene amadziwa kufunsa mayi wa kumudzi za kumwezi popanda kumchititsa manyazi, amene amadziwa kulankhula ndi apongozi okana kuti mkamwana atumizidwe ku chipatala chachikulu, ndi mayi uja wa zaka 50. Sukulu ikamamuona ngati wongosunga ophunzira, iyenso adzaona mphunzitsi wachinyamata ngati mdani wobwera ndi mapepala. Koma akaitanidwa ndi ulemu, nauzidwa kuti saini yake ndi ya mphunzitsi ziziyendera limodzi, iye mwini ndiye adzakhala woyamba kukana kuti wophunzira wosadziwa adutse. Mutu umodzi susenza denga.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo si yokoma kuimva. Amene amapita kunyumba kwa mphunzitsi madzulo, nkhuku ili m'khwapa, kukapempha kuti mwana awonjezeredwe malikisi, ndi ife makolo, ena mwa ife atsogoleri m'mipingo. Timati "ndi mwana wathu yemwe, atithandiza," osaganiza kuti tikumpempha agulitse chinthu chimene si chake. Ndiponso pa anamwino 10 alionse padziko, 9 ndi amayi. Mwayi wa maphunziro a zaka ziwiri ku Maputo ukapezeka, kawirikawiri umathera pakhomo: bambo akana, achibale ati ana atsala ndi yani, ndipo malowo amatenga mwamuna amene sanafunsidwe funso limeneli. Abambo anzanga, kuphika nsima zaka ziwiri sikunaphepo munthu. Ku South Africa, mayi woyamba wachikuda kulembedwa m'kaundula wa anamwino, Cecilia Makiwane, mu 1908, anali mwana wa mbusa. Pakhomo pawo panapezeka womlola kupita kusukulu.

Mlendo wathu sindinampatse yankho tsiku lomwelo, pakuti za m'chipatala si zanga. Ndinamtengera kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene anapuma pa unamwino atagwira ntchito zaka zoposa 30, zina mwa izo m'nthawi ya nkhondo. Anamvetsera nkhani yonse osamdula pakamwa, manja ali pa mbaula ya makala. Kenaka anati, "Usasayine, mwanangu. Koma ukafika, usanapite ku ofesi, upite kunyumba kwa mayi ujayo, osati kuchipatala. Uvale chitenje, utenge shuga. Ukapepese chifukwa cha pakamwa pako, osati chifukwa cha kabuku. Ukatha ukawapemphe kuti iwo eni akhale ndi mdzukulu wawoyo usiku uliwonse mpaka ntchito zotsalazo zikwane, ndipo iwe ukhale nawo limodzi. Ukawauze kuti mwana wophunzitsidwa ndi iwo sangapite kumudzi ndi manja osadziwa."

Anamlangizanso kuti alembe kalata kwa mkulu wa sukulu yopempha mlangizi, ndipo anamuuza kuti kufikira yankho litabwera azimuimbira foni iyeyo Loweruka lililonse madzulo. Mtsikanayo anafunsa kuti nanga mayi uja akakana kumtsegulira chitseko. Anayankhidwa kuti akabwerereko mawa lake.

Anakwera chapa ya ku Cuamba m'mawa wa Lachitatu, chisanu chikadali pa udzu. Loweruka lapitali anaimba. Chitseko chinatsegulidwa pa ulendo wachiwiri, ophunzira ena ayambanso kuitanidwa m'chipinda chochirira, ndipo wophunzira uja wagwira kale usiku unayi pambali pa azakhali ake. Kalata yopempha mlangizi sinayankhidwe. Kabuku sikanasayinidwe, ndipo mayeso omaliza ali mu Novembala.